Lamya Yodana ndi Kukhala Chete

Chaka chimene ndinkafuna kukwatiwa ndi chomwe ku ofesi kwathu anatiikira layini yatsopano ya lamya. Zinthu ziwirizi zinakolana moti mpaka lero ndikamva foni ikulira kuti tu-tu-tu, mtima umayamba wadumpha kaye ndisanakumbuke kuti zimenezo n'zakale.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Akapitawo ankabweretsa makilo a masamba kuchokera kusikelo, ine n'kumatayipa pa kompyuta, madzulo n'kutumiza ku likulu la kampani ku Limbe. Poyamba mapepala ake ankakwera lole limodzi ndi matumba a tiyi. Kenako kunabwera anthu a makwerero, anakoka nthambo kuchokera kumsewu waukulu, kudutsa m'mabulugama ndi m'munda wa kuseri kwa fakitale, n'kudzakhomera kabokosi kotuwa pakhoma pafupi ndi tebulo langa. Kabokosiko kanali ndi timagetsi tobiriwira tophethira. Anatiuza kuti layini iyi si ngati yakale ija yomveka ngati wina akukazinga chimanga m'khutu mwako. Iyi inali ya dijito: manambala a pa kompyuta ndi mawu a munthu zinkayenda mu nthambo imodzimodziyo. Ukaimba kutali, mawu ako ankasanduka manambala, kuthamanga mpaka ku Limbe, n'kukatulukira kumeneko kupita kulikonse, ngakhale kunja kwa dziko.

Ine ndinanyadira ngati ndagula ndine. Aliyense wolowa mu ofesi, kaya wabwera kudzapempha tchuthi kaya kudzadandaula za sikelo, ankayamba wamva kaye za kabokosi. Pakamwa ndinabadwa napo ine. Amayi amati ndinayamba kulankhula ndisanamere mano, ndipo kuyambira pamenepo sindinapumeko.

Mulungu amadziwa kugawa, chifukwa mwamuna amene anandifuna anali wa mawu owerengeka. Anali mphunzitsi wa ku Goliati, wowonda, wa malaya osita bwino nthawi zonse. Tikamayenda m'tinjira ta m'tiyi Lamulungu madzulo, ine ndinkalankhula kuchokera pa tchalitchi mpaka pa damu, iye n'kungoti, "Zoona." Ndinkamukonda koopsa, ndipo sindibisa.

Vuto linali limodzi. Kwathu mwana wamkazi saperekedwa ndi bambo ake. Mwini mbumba ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ndipo atsibweni anga anali ku Joni. Anapita ine ndili wamng'ono, mapepala awo sanali olongosoka, ndiye akanati abwere sakanathanso kubwerera ku ntchito. Abale ena anati apezeke wina woimirira. Amayi anakana kwamtuwagalu.

"Mlongo wanga ali moyo," anatero. "Mbumba ili ndi mwini wake. Popanda mawu ake, ukwati palibe pano."

Ndinayang'ana kwa abambo kuti mwina andithandiza. "Ine ndine mkamwini, ndinangobwera," anatero, n'kupitiriza kumata tayala la njinga yawo.

Mafoni a m'manja anali atayamba kuoneka, koma pa esiteti pathu netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu cha kuseri kwa nyumba za antchito basi, ndipo ukaimba ku Joni mayunitsi ankatha moni usanamalize. Nanga munthu ungakweze ankhoswe pa chulu? Apa m'pamene ndinayang'ana kabokosi kanga kaja ndi diso lina. Ndinapita kwa abwana manijala, ndinafotokoza mpaka iwo anakweza dzanja kuti basi zakwana, ndipo anandilola kugwiritsa ntchito lamya ya mu ofesi Loweruka masana anthu ataweruka. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikudumpha ngalande ngati mwana wa sukulu. Ndani pa esiteti yonse anafunsiridwapo mbeta pa dijito?

Loweruka linafika. Ankhoswe akuchimuna, amalume ake a mphunzitsi wanga, anatsika pa kabaza atavala jekete lakuda ndi chipewa. Anali munthu wamtali wa ndevu zoyera, woyenda ngati nthaka yonse ndi yawo. Amayi anavala chitenje chatsopano. Mwa mwambo ine sindinkayenera kukhalapo, poti mtsikana samvera nkhani ya ukwati wake. Koma wodziwa kuimba lamyayo ndinali ine ndekha. Ndiye tinapangana kuti ndiimbe, ndidine batani loti mawu azimveka kwa onse, kenako ndikakhale pakona nditayang'ana kabati ya mafayilo, ngati palibe.

Inalira, ndipo atsibweni anayankha. Mawu awo anamveka ngati ali kuseri kwa chitseko, moti amayi anagwira pakamwa. Malonje anayambira m'Chilomwe n'kutsetserekera m'Chichewa: za matupi, za mvula, za nandolo, za amene anamwalira ndi amene anabadwa. Layini inali bwinobwino. Ine kukona kuja ndinkamwetulira kabati.

Kenako ankhoswe anakonza kukhosi.

"Achimwene," anatero, "sitinabwere ndi milandu ayi. Tambala wathu waona msoti pakhomo panu. Ndiye tati tidzamve kwa eni khola."

Atsibweni sanayankhe msanga, ndipo palibe anadabwa, poti munthu wamkulu nkhani yotere sailumphira. Ankhoswe anapinda manja. Amayi anaweramitsa mutu. Ine ndinkamva wotchi ya pakhoma ndi mtima wanga. Ndiye mwadzidzidzi: tu-tu-tu-tu.

"Yaduka," ndinauza kabati.

Ndinaimbanso. Akuluakulu awiriwo anayambiranso malonje, mofupikitsako, ankhoswe n'kubwereza za tambala ndi msoti. Tinadikira. Tu-tu-tu. Ulendo wotsatira malonje anali ouma, tambala anatchulidwa mwachidule, ndipo inadukanso pamalo pomwepo. Ankhoswe anaimirira n'kuvala chipewa.

"Mayi," anauza amayi, "ngati alongo anuwo akukana, anene ndi pakamwa. Ine si mwana wopempha nyimbo pa wailesi kuti azindidulira lamya."

"Pepani bambo, mwina ndi makinawa."

"Makina odikira kuti ndifunse kaye, ndiye aduke? Ndi ochenjera ndithu."

Anatuluka. Ndinatembenuka ndili ndi ukali wosowa pougwetsera, ndipo pakanakhala mpini pafupi, kabokosi kaja kakanaona zakuda.

Pofika Lamulungu nkhani inali itafika kale pa mjigo. Ena amati atsibweni ali ndi munthu wawo amene akundisungira ku Joni. Ena amati alipo wamanga ukwatiwo ndi mankhwala, nanga lamya ingamaduke bwanji pa mawu amodzimodzi? Amayi enieniwo anayamba kukumbukira maloto amene analota mwezi wathawo. Mphunzitsi wanga anabwera madzulo nkhope itagwa. Anati wawagwadira amalume ake, ndipo avomera kubweranso Loweruka lotsatira, komaliza. Ikadukanso, nkhani yathera pomwepo, akamufunira mkazi ku Goliati komwe anthu amayankha akafunsidwa. Aka kanali koyamba kumumva akulankhula mawu ambiri chonchi nthawi imodzi, ndipo panalibe ngakhale limodzi londikomera.

Lolemba m'mawa ndinapempha abwana n'kuimbira atsibweni. Ndinawapeza nawonso atapsa mtima.

"Anthu akukufunawa ndi otani?" anafunsa. "Afunsa funso, ine ndisanameze n'komwe malovu, adula. Osati kamodzi. Kodi akufuna mkazi kapena akugula sopo pa okala?"

Ndinalumbira kuti palibe anakhudza lamya. Ndinalankhula, ndinalankhula, za kabokosi, za nthambo, za jekete la ankhoswe, za anthu a pa mjigo, mpaka anaseka n'kuvomera kudikiranso Loweruka. Nditaika foni pansi m'pamene ndinazindikira kuti tacheza nthawi yaitali chonchija osaduka ngakhale kamodzi. Mutu unaima. Ndinaimbira ku likulu kuti atitumizire munthu wokonza.

Amisiri a lamya anafika mawa lake pa njinga yamoto, chiperoni chitaphimba mapiri onse, iwo atanyowa mpaka m'nsapato. Anali bambo wamfupi, wonenepa bwino, chikwama cha zipangizo kumsana. Asanavule n'komwe chisoti anali atandiuza kale za matope a mumsewu, za galu amene anawathamangitsa pa boma, ndi za akazi awo amene anali oyembekezera. Ndinadziwa kuti ndakumana ndi mnzanga.

"Achemwali, foloti yake ndi yotani?"

"Ikumaduka."

"Ikumaduka liti? Poimba, ikulira, kapena muli m'kati molankhula?"

"Tili m'kati."

"Ndiye bola. Ikamakana n'kulira komwe m'pamene pamakhala ntchito. Tiyeni tiicheke."

Anayamba ndi timagetsi tija, kundionetsa kuti aka ndi ka moto, aka kakusonyeza kuti nthambo yafika ku likulu, aka kamaphethira mawu kapena manambala akamadutsa. Anazula zingwe zonse, kuziuzira, kuzibwezera. Chingwe cha lamya anasintha n'kuika chatsopano. Anakwera kudenga kukaona ngati makoswe adya nthambo, n'kutsika akangaude ali kumutu. Kenako tinatuluka tonse m'chiperonimo kutsata mapolo, ine nditafunda chitenje. Amayi othyola tiyi anaima madengu ali kumsana n'kumatiyang'ana, ndipo mmodzi anandifunsa m'Chilomwe ngati masiku ano amuna tikumawafunafuna pamwamba pa mapolo. Munda wonse unaseka. Amisiri, amene Chilomwe sankamva, anawabayibitsa mosangalala.

Pa polo lina nthambi ya bulugama inkakwecha nthambo, iwo anakwera n'kuisadza. Pa lina anatsegula kachitini ka pamwamba n'kupeza nyerere zitamangamo mudzi. Chilichonse chimene apeza ankati, "Ndi chimenechi," ine mtima n'kudumpha, tonse liwiro la ku ofesi kukayesa. Kuyesa kwake kunali kuimbira mnzawo wa ku likulu. Ankacheza za mpira, za mabwana awo, za feteleza, ine n'kumaponyamo anga. Layini osaduka.

"Achemwali, layini yanuyi ili bhobho," anatero madzulo akumanga chikwama.

"Dzulo musanaikhudze inalinso bhobho," ndinayankha. "Loweruka ndiye inaduka. Mwachiona chimene chinaidula?"

"Sindinachione."

"Ndiye mwakonza chiyani?"

Ndinakweza mawu kuposa mmene mtsikana amayenera kuchitira kwa bambo wa msinkhu umenewo, kenako misozi inabwera yokha. Ndinawauza zonse, za atsibweni, za ankhoswe, za Loweruka lomaliza. Amisiri anaika chikwama pansi.

"Ukwati? Osanena poyamba bwanji? Ine ndimayesa ndi za makilo a tiyi." Anakolekanso jekete lawo lonyowa pa msomali. "Matenda osawaona sachizika. Tiyenera kuidula dala, tikuona ndi maso athu. Mawa ndili pompano."

Kuyambira pamenepo tinasanduka alenje. Tinaimba makina oumitsa tiyi akulira ku fakitale, kuti mwina moto ukumachepa. Tinaimba magetsi atazima, jenereta ikuyenda. Tinaimba ndikutumiza makilo pa kompyuta nthawi yomweyo. Tinaimba ketulo ikuwira, fani ikuzungulira, ine ndikumenyetsa chitseko. Poganiza kuti mwina vuto ndi kutalika kwa ulendo, tinaimbanso ku Joni, atsibweni n'kudziwana ndi amisiri mpaka kuyamba kutchulana achimwene. Layini ili gwa. Ine ndinkapemphera pemphero lachilendo, loti chinthu chiwonongeke, uku Loweruka likuyandikira.

Lachinayi masana ndinawabweretsera amisiri chinangwa chophika ndi tiyi. Chinangwa chake chinali chija chaufa, chouma kukhosi. Anali pa lamya ndi mnzawo wa ku likulu uja, amene anati, "Tadikira ndikaone kuno kumakina," n'kusiya foni patebulo. Amisiri anaponya chibenthu chachikulu m'kamwa. Tiyi anali wotentha kwambiri, sakanamwera. Anatafuna, maso ali tong'o, mawu osatuluka. Ine ndinali nditawerama kufunafuna supuni imene inagwera kunsi kwa tebulo. Kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo, mu ofesi munati zii.

Tu-tu-tu-tu.

Ndinadzuka mpaka kugunditsa mutu ku tebulo. Amisiri analoza kabokosi, masaya atatupa, akuvina ndi mapewa. Atameza anaimbanso.

"Aise, wadula ndiwe?"

"Ine ayi, foni ndinangoisiya patebulo."

"Ndiye tamvera. Khala chete. Usanene kanthu, usatsokomole, usapume mokweza."

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kunatipatsa ntchito. Woyamba kuseka ndinali ine. Titayesanso, amisiri anati, "Mwaona, kasiya kuphethira," n'kuwononga zonse. Pomaliza tinakhala ine nditaluma chitenje, iwo atagwira pakamwa ndi manja onse awiri, tikuyang'ana kagetsi ka mawu kaja. Kanasiya kuphethira. Kanangoyaka duu kwa kanthawi, kenako kanazima, lamya n'kulira kulira kwake kuja. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Ndinavina pakati pa ofesi mpaka mlonda anasuzumira pawindo.

Amisiri anafotokoza akupukuta misozi ya chiseko. Kabokosiko anakatchera kuti kakaona kuti mu nthambo simukudutsa kanthu, kaziti ntchito yatha, n'kudula kokha kuti layini isamangokhala yotsegula pachabe. Kwa makilo a tiyi nzeru imeneyo inali yabwino. Koma lamya yake nayonso, anthu akakhala chete mbali zonse ziwiri, sinkatumiza kanthu. Ndiye atsibweni akuganiza ku Joni, ankhoswe akudikira mwaulemu kuno, kabokosi kankati anthuwa amaliza.

"Amene anapanga makinawa kwawo safunsira mbeta," anatero amisiri. "Ndipo ine ndi inu, achemwali, tikanayesa mpaka Khirisimasi osaigwira."

"Ndiye sinthani."

Apa chiseko chinatha. Kusinthako kunali kosavuta, koma kulowa m'kati mwa kabokosi kunkafuna mawu achinsinsi, ndipo mwini mawuwo, mkulu wa makompyuta ku likulu, anali pa tchuthi kumudzi kwawo kopanda lamya, kubwera kwake mwezi ukatha. Chimene tikanachita n'chimodzi: Loweruka pasakhale chete. Bola phokoso lizidutsa, kaya la uku kaya la uko.

Madzulo amenewo mphunzitsi wanga anabwera kudzamva mmene zikuyendera. Ndinamuthamangira ndisanavale n'komwe nsapato, ndinamuuza kuti tachigwira, chimene chikudula ukwati wathu ndi kukhala chete. Anaganiza kanthawi. "Ndiye ine lamya imeneyo ndisadzaigwire," anatero.

Lachisanu ndinapita ndi amayi ku ofesi kuti akamve okha. Anatenga phava la nthochi lokapatsa amisiri. Anamvetsera zonse, ndipo atamva kuti si mankhwala mtima wawo unakhala m'malo.

"Ndiye tingowauza atsibweni kuti ayankhe msanga," ndinatero.

Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ayankhe msanga? Ndiwe tomato woti wayamba kuwola? Munthu akaperekedwa mothamanga, kuchimunako saiwala mpaka kalekale."

"Nanga titayatsa wailesi pang'onopang'ono, mayi?" anatero amisiri.

"Nkhani ya mwana wanga ikambidwe wina akulengeza za maliro kumbali?"

"Kapena wina azitsokomola."

"Kuti ankhoswe akanene kwawo kuti banja lake n'la chifuwa chachikulu?"

Amayi anayang'ana lamyayo nthawi yaitali.

"Kodi makina anuwa m'manja amamva?" anafunsa. "Kwathu munthu wamkulu akamaganiza nkhani yaikulu, azimayi sitingokhala ngati zitsa. Timamuombera m'manja pang'onopang'ono, adziwe kuti tikudikira ndi mtima wabwino. Tsiku lija ndinachita manyazi, ndinati muno ndi mu ofesi."

Asanamalize, amisiri anali ataimba kale. Anauza mnzawo kuti atseke pakamwa, amayi n'kuyamba kuomba, manja atawapinda ngati akutunga madzi: phu, phu, phu. Kagetsi sikanaphethire, anali patali. Anasendera, koma kuomba ataimirira pa tebulo kunkawavuta, thupi silinkalola. Ndiye tinatsitsa lamya. Ndinathamanga kukabwereka mkeka kwa akazi awo a mlonda, tinauyala pakati pa ofesi, lamya n'kuikhazika pamkekapo ngati mlendo. Amayi anakhala pansi, anatambasula miyendo, anaomba. Kagetsi kanaphethira pa kuomba kulikonse. Tinadikira mpaka nthawi yoti ikanaduka kalekale, osaduka. Amisiri anadya nthochi zingapo motsatizana chifukwa cha chimwemwe, ine n'kuwakumbatira amayi mpaka anandikankha kuti ndiwathyola nthiti.

Loweruka kunacha bwino, chiperoni chitachoka, phiri la Mulanje likuoneka patali. Ankhoswe anafika ndi jekete lomwe lija, nkhope ili gwa. Amisiri tsikulo silinali lawo la ntchito koma anabwera ndithu, ndipo anawachingamira panja n'kuwafotokozera za kabokosi. Ankhoswe anamvetsera mpaka pamapeto, chimene si chapafupi, n'kungoti, "Tiona." Atalowa n'kupeza mkeka anaima pang'ono, kenako anakankhira mpando kumbali n'kukhala pansi nawonso. Amisiri anatsalira panja pawindo, pamene ankatha kuona timagetsi. Ine ndinaimba, ndinadina batani, ndinabwerera kukona kwanga.

Malonje anali aulemu koma ozizira, ngati a anthu amene anapondana pa msika. Kenako ankhoswe ananena mawu awo aja pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, za tambala, za msoti, za eni khola.

Ku Joni kunati zii. Amayi anayamba kuomba.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinkawerenga zilembo za pa mafayilo osamva chimene zikunena. Kumbuyo kwanga phu, phu, phu, osafulumira, osachedwa. Nthawi yodukira ija inakwana, inapitirira. Atsibweni analidi munthu woganiza, ndipo ndikukhulupirira kuti anawonjezerako dala pobwezera za sabata yathayo. Manja a amayi anali ong'ambikang'ambika ndi zaka zothyola tiyi, ndipo ndinamva kuombako kukufooka, mpata wapakati ukukula. Ndinafuna kutembenuka ndiwathandize, koma munthu amene palibe saomba m'manja. Ndiye ndinamva kuomba kwina kukulowa pansi pa kwa amayi, kolemera, kwa zikhatho zikuluzikulu. Ndinasuzumira cham'mbali. Anali ankhoswe, chipewa chili pabondo, maso ali pa lamya.

"Ndamva, achimwene," anatero atsibweni pomaliza. Kuomba kunaleka. "Ndamva bwino lomwe. Koma mwanayo ali pafupi?"

Amayi ndi ankhoswe anayang'anana. "Alipo," anatero amayi, "koma palibe."

"Muuzeni amene palibeyo asendere kuno. Iwe mwana wa mlongo wanga, sabata yonseyi wandiuza za makoswe, za mapolo, za nyerere. Chimodzi chokha sunandiuze. Munthu ameneyu ukumufuna?"

Zimenezi sitinapangane. Ndinayenda ndi mawondo mpaka pa mkeka. Ndinatsegula pakamwa, koma simunatuluke kanthu. Yankho ndinali nalo, linali litadzaza chifuwa chonse, koma pamaso pa amayi, pamaso pa amalume ake a mwiniwakeyo, lilime linakana. Manyazi otere sindinawamvepo chibadwire. Ndinayang'ana kukhoma, ndipo kagetsi kanali katasiya kuphethira. Ukwati wanga unkapita ndikuuona, ndipo woudula tsopano ndinali ine.

Amayi anayamba kuomba. Ankhoswe anatsatira. Pawindo, amisiri analowetsa manja pakati pa magalasi n'kumaomba nawo. Anthu akuluakulu amenewa anandigwirira layini ija, popanda wondifulumiza, mpaka mpweya unabwerera.

"Eya, atsibweni," ndinanong'ona.

"Sindikumva, kukusokosa kumeneko."

Manja onse anaima.

"Ndikumufuna," ndinatero, mokweza moti mlonda anamva ali pageti, ndipo anakhala akundikumbutsa kwa zaka zambiri.

Atsibweni anaseka chiseko chachitali. "Achimwene, mwamva nokha. Tambala wanuyo alowe m'khola. Zotsalazo mukambirana ndi mlongo wangayo, mawu ake ndi anga."

Amayi anaimba nthungululu mu ofesi ya kampani. Ankhoswe anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kunditchula kuti mpongozi, amisiri akudumphadumpha panja. Ine ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi. Titakhazikika, ndinatambasula dzanja kuti ndidule, poti nkhani inali itatha ndipo layini inali ya eni ake.

"Taimani kaye," anatero atsibweni. Mawu awo anali atatsika. "Mlongo, ulipo?"

"Ndilipo, achimwene."

"Ine chonena china ndilibe. Koma musadule. Taomba pang'ono, ndimveko kwathu."

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anasendera pafupi ndi lamya, n'kuyambanso kuomba.